Kodi Kompyuta Yosavuta Ndi Iti?

Awa ndi mawu amene mmodzi wa ife adayankhula pa msonkhano wa pachaka wa ophunzira akale, pa nkhani ya chipinda cha makompyuta. Tawasindikiza onse kuti amene sadathe kubwera awerenge ndi kupereka maganizo awo ku komiti.



Komiti idandipempha kuti ndiyankhule pa funso limodzi limene lakhala likutichedwetsa. Tonse tidagwirizana kuti bungwe lathu lithandize sukulu yathu ndi chipinda cha makompyuta. Ena mwa ife adalonjeza makina amene akuchotsedwa m'maofesi mwawo, ena adasonkha ndalama. Koma titafika pa funso lakuti m'makinamo muikidwe chiyani, maganizo adasiyana. Wina adati Windows basi, wina adati Linux, winanso adati Apple ndiye yabwino, ndipo aliyense ankati yakeyo ndiye yosavuta. Ndaima pano kuti tiwaunike bwino mawu akuti "yosavuta" amenewa, pakuti ndalama tasonkhazi sitidzazisonkhanso mawa, ndipo tikasankha mosaganiza wovutika adzakhala mwana wa Fomu 1 amene sadagwirepo kompyuta chibadwire.

Ndiyambe ndi kufotokoza chimene tikukangana. Kompyuta payokha ndi chitsulo ndi mawaya chabe. Kuti igwire ntchito pamafunika pulogalamu yaikulu imene imayamba kudzuka mukangoyatsa makina, imene pa Chingerezi amati operating system. Ntchito yake ili ngati ya kapitawo pa esiteti. Kapitawo salima ndipo sathyola tiyi, koma ndiye amagawa ntchito, amadziwa pamene pali khasu lililonse, ndipo bwana akafuna kanthu amauza iyeyo. Mapulogalamu ena onse, monga olembera makalata ndi owerengetsera ndalama, ali ngati antchito a pansi pake. Windows, macOS, Linux, ChromeOS ndi Android wa m'mafoni athuwa, onsewa ndi akapitawo. Funso lathu tsono ndi lakuti tilembe kapitawo uti.

Akuluakulu anzanga amene mudayamba ntchito m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 mukumukumbukira kapitawo woyamba amene tidakumana naye. Kampani ya IBM itatulutsa kompyuta yake ya pa desiki m'chaka cha 1981, mkati mwake mudali DOS, yopangidwa ndi kampani ya Microsoft. Mukayatsa, galasi linkangoti bii, kachizindikiro kakuthwanima pakona, kudikira kuti mulembe lamulo. Kuti muone mafayilo anu munkalemba DIR, kuti mukopere munkalemba COPY, ndipo mukalakwitsa chilembo chimodzi makina ankakana. Dzina la fayilo silinkapitirira zilembo 8, kuwonjezapo zitatu za kumapeto. Alembi a m'maofesi ankagwiritsa ntchito WordPerfect 5.1, imene idatuluka mu 1989, ndipo ambiri ankamata kapepala pamwamba pa kiyibodi kowakumbutsa kuti F10 ndi yosungira, Shift ndi F7 ndi zosindikizira. Kuphunzira zimenezi kunkatenga masabata. Komatu mlembi amene adaziloweza ankalemba kalata n'kuisindikiza mofulumira kuposa achinyamata ambiri a lero. Apa pali phunziro loyamba: chinthu chikhoza kukhala chovuta kuchiphunzira koma chopepuka kuchigwiritsa ntchito ukachidziwa.

Njira ina idachokera ku California. M'chaka cha 1968 katswiri wina, Douglas Engelbart, adaonetsa anthu kachipangizo kolozera pa galasi kamene pa Chingerezi adakatcha dzina la mbewa, ngakhale kuti n'kosadyeka, kamene ife timangoti mausi. M'zaka za m'ma 1970 akatswiri a kampani ya Xerox ku Palo Alto adapanga makina oonetsa zithunzi ndi mawindo m'malo mwa malamulo olemba, ndipo mu 1984 kampani ya Apple idayamba kugulitsa Macintosh, imene idafikitsa nzeruyi kwa anthu wamba. Chinsinsi chake n'chimene mwana wasukulu aliyense amachidziwa: funso lokhala ndi mayankho A, B, C ndi D ndi lopepuka kuposa funso lakuti "fotokozani". Munthu sachedwa kuzindikira chinthu akachiona, koma kuchitulutsa m'mutu payekha ndiye ntchito. DOS inkatifunsa kuti tifotokoze, pamene Macintosh inkatiyalira mayankho kuti tiloze.

Microsoft nayo idatsata njira yomweyo, ndipo mu Ogasiti 1995 idatulutsa Windows 95, yokhala ndi batani la Start pakona ya pansi kumanzere. Anthu adalizolowera batani limeneli mpaka dzanja linkapita lokha. Tsono mu 2012 kampani yomweyo idatulutsa Windows 8 n'kulichotsa, ndi cholinga chakuti makompyuta afanane ndi mafoni okhudza pa galasi. Anthu amene adagwira makompyuta zaka 17 adasokonezeka, ena mpaka kufunsa pozimitsira makina. Madandaulo adachuluka kotero kuti batanilo lidabwerera mu 2013, ndipo mndandanda wake wonse udabwerera ndi Windows 10 mu 2015. Taonani, kampani idali yomweyo, dzina lomwelo, koma anthu adati yavuta chifukwa chakuti zinthu zidachoka pamene adazizolowera. Ili ndi phunziro lachiwiri: munthu wamkulu akati "iyi ndiye yosavuta", kawirikawiri amatanthauza kuti "iyi ndiye ndidaizolowera". Mwana wa Fomu 1 alibe chimene adazolowera, choncho tisamuyeze ndi muyeso wathu.

Phunziro lachitatu lili m'matumba mwathu. Foni yoyamba ya Android idatuluka mu 2008, ndipo lero agogo kumudzi amalandira ndalama ndi zithunzi za adzukulu pa foni popanda kupita ku sukulu iliyonse. Palibe kapitawo wopepuka kuposa ameneyu. Koma funsani mnyamata amene amakhalira foni tsiku lonse kuti chithunzi chimene wajambula chasungidwa mu foda iti, n'chachikulu bwanji, ndipo angachisamutse bwanji. Ambiri amangokuyang'anani. Foni imabisa zonsezi dala kuti mwini wake asavutike. Zili ngati kukwera kabaza: umafika msanga ndiponso osatuluka thukuta, koma ungakwere zaka khumi osadziwa kupalasa njinga. Ife sitikumanga chipinda chakuti ana azikakweramo kabaza. Tikufuna adziwe kupalasa okha, ndipo tcheni chikaduka adziwe pogwira.

Ndi maphunziro atatu amenewa m'mutu, tiyeni tiwaone akapitawo athu mmodzimmodzi.

Windows ili ndi mphamvu zimene palibe angazikane. Ndi imene mwana wathu adzaipeze m'maofesi ambiri akadzayamba ntchito, pamodzi ndi Word ndi Excel. Aphunzitsi ambiri adaphunzirira pomwepo. Ikavuta, m'tauni iliyonse mumapezeka mnyamata wokonza, ndipo pulinta iliyonse yogulidwa m'sitolo imagwirizana nayo. Kukhala ndi munthu wapafupi womufunsa ndi mbali yaikulu ya kupepuka kwa chinthu, pakuti safunsa adadya phula.

Koma pali vuto limene likukhudza makina amene talonjezedwawa. Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft idasiya kupereka zigamba zaulere zachitetezo za Windows 10 kwa anthu onse, kupatula amene adalembetsa m'ndondomeko yapadera yowonjezera nthawi pang'ono. Windows 11, imene idatuluka mu 2021, imafuna makina okhala ndi kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, RAM yosachepera 4 GB, malo osungira osachepera 64 GB, ndiponso ubongo wa makina wa masiku ano. Kwa makina a Intel, kawirikawiri ndi opangidwa kuyambira kumapeto kwa 2017 kubwera kuno. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene maofesi akuchotsera makompyuta amene akuyakabe bwinobwino. Tisadabwe tsono tikapeza kuti ambiri mwa makina amene tilandire sangathe kunyamula Windows 11.

Wina anganene kuti tingoisiya Windows yakaleyo momwemo, popeza ikuyaka. Kompyuta yopanda zigamba ili ngati nyumba imene loko wake akuba onse ali ndi kiyi wake. Mu Meyi 2017 vairasi yotchedwa WannaCry idalowa m'makompyuta a Windows m'maiko ambiri n'kutseka mafayilo a anthu, ndipo ku Britain zipatala zina zidabweza odwala chifukwa makina adaima. Chigamba chotseka khomo limene idalowerapo chidali chitatuluka kale mu Malichi chaka chomwecho, koma makina ambiri adali asadachilandire. M'chipinda cha sukulu, mmene mafulashi amayenda kuchoka makina awa kupita awo, vairasi imodzi imakwanira makina onse tsiku limodzi. Winanso anganene kuti pali anyamata amene amaika Windows yopanda laisensi pa mtengo wozizira. Ndikupempha kuti zimenezo tisaziganizire n'komwe. Sitingaphunzitse ana kukhulupirika m'kalasi kwinaku makina awo akuyendera katundu wakuba, ndipo mapulogalamu otere nthawi zambiri amabwera ndi mavairasi ake.

Za Apple sinditalikitsa. Makina ake ndi aukhondo ndi osavuta kuphunzira, chifukwa kampani imodzi ndiyo imapanga chitsulo ndi kapitawo yemwe, motero zonse zimagwirizana. Koma chilolezo cha macOS ndi cha makina a Apple okha, ndiye sitingaiike m'makompyuta amene talonjezedwa. Mtengo wa makina ake ndi wokwera, ndipo akawonongeka, wokonza ndi zipangizo sizipezeka pafupi. Kwa thumba lathu, imeneyi tiisirire patali.

ChromeOS ya kampani ya Google idayamba mu 2011 m'makina otchedwa Chromebook, ndipo sukulu zambiri za ku America zimaikonda chifukwa mwana amaidziwa tsiku lomwelo. Mu 2022 kudatuluka ChromeOS Flex, yaulere, imene imaikidwa m'makompyuta akale. Chovuta n'chakuti mphamvu yake yonse ili pa intaneti, ndipo mwana aliyense amafunika akaunti yake. Tisadaiganizire, a Msungichuma atiuze kaye amene azigula bandulo mwezi ndi mwezi ife titabwerera kwathu. Komanso imabisa zambiri monga ichitira foni, ndiye yayandikira ku kabaza uja.

Tsopano Linux, imene ena mumaiopa. Idayamba mu 1991 ndi Linus Torvalds, amene panthawiyo adali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland. Ntchito yake idaphatikizidwa ndi mapulogalamu a GNU, amene Richard Stallman adawayambitsa mu 1983, ndipo lamulo lake ndi lakuti aliyense ali ndi ufulu woikopera, kuiunika mkati, kuisintha ndi kugawira anzake. M'zaka za m'ma 1990 kuika Linux m'makina kudali ntchito ya akatswiri okha, ndipo mbiri ya kuvuta idachokera kumeneko. Zinthu zidasintha. Mu 2004 Mark Shuttleworth wa ku South Africa adayambitsa mtundu wa Linux wotchedwa Ubuntu, ndi cholinga chakuti munthu wamba aziigwiritsa ntchito. Dzinalo ndi liwu la Chizulu ndi Chixhosa limene kwathu kuno timati umunthu. Mu 2006 kudabweranso Linux Mint, imene maonekedwe ake ndi ofanana ndi Windows yakale ija: batani pakona ya pansi kumanzere, mndandanda wa mapulogalamu, mafoda ndi mawindo. Ili ndi mtundu wina wopepuka wotchedwa Xfce umene umayenda bwino m'makina ofooka.

Ubwino wake kwa ife ndi woonekeratu. Palibe laisensi yogula. Imatsitsimutsa makina amene Windows 11 yawakana. Ubuntu imatulutsa mtundu wokhalitsa mu Epulo zaka ziwiri zilizonse, ndipo mtundu uliwonse umalandira zigamba zaulere kwa zaka 5. Mavairasi a Windows amene amayenda m'mafulashi sagwira ntchito pa Linux. Imabwera ndi LibreOffice, mmene muli Writer yolembera ndi Calc yowerengetsera, ndipo imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Kwa mwana wachidwi, chitseko cha mkati n'chosakhoma: akhoza kutsegula Terminal, kulemba malamulo monga tinkachitira pa DOS, ndi kuyamba kulemba mapulogalamu ake m'chinenero cha makompyuta cha Python. Asaganize kuti akuphunzira za amphawi. Android wa m'foni yake adamangidwa pa Linux, ndipo kuyambira mu 2017 makompyuta onse 500 amphamvu kwambiri pa dziko lapansi amayendera Linux.

Zovuta zake nazo ndizinene poyera. Word ndi Excel zenizeni siziikidwa pa Linux. Kalata yokongoletsedwa kwambiri yolembedwa mu Word nthawi zina imasuntha mizere ikatsegulidwa mu Writer. Mapulinta ena amavuta. Chachikulu koposa, anthu oidziwa ndi ochepa, ndiye ikavuta mphunzitsi angasowe wom'funsa, makina n'kukhala ofunditsidwa nsalu mpaka teremu kutha.

Pa mfundo imeneyi pali zitsanzo ziwiri zoti tiziganizire. Khonsolo ya mzinda wa Munich ku Germany idagwirizana mu 2003 zosamukira ku Linux, ndipo pofika 2013 makompyuta pafupifupi 15,000 adali atasamutsidwa. Koma mu 2017 khonsolo yomweyo idavota kuti abwerere ku Windows. Anthu amatsutsanabe pa zifukwa zake, koma mwa madandaulo amene adamveka mudali akuti mapulogalamu ena a ntchito amayenda pa Windows pokha, ndiponso kuti kusinthana makalata ndi maofesi ena kunkavuta. Ku India, boma la dera la Kerala lidayambitsa ndondomeko ya IT@School mu 2001, ndipo m'zaka zotsatira sukulu zake zaboma zidasamukira ku Linux. Kumeneko adaphunzitsa aphunzitsi, adalemba mabuku ogwirizana ndi mapulogalamuwo, ndipo mayeso ankachitikira pa makina omwewo. Zidakhazikika. Kapitawo adali mmodzi yemweyo, koma kumene anthu, mabuku ndi mayeso zidayendera limodzi ndi kumene adakhalitsa.

Tsono nawa maganizo anga, A Wapampando, ndipo komiti ili ndi ufulu wowasefa.

Choyamba, tisadagule kapena kuika chilichonse, tikhale pansi ndi mphunzitsi wa Computer Studies atiuze zimene silabasi ndi mayeso a MSCE amafuna, makamaka mayeso ochita pa makina. Ana athu ayenera kukhoza mayeso, ndipo ife sitingawagwiritse ntchito poyesera zokonda zathu.

Chachiwiri, kompyuta iliyonse imene tilandire iyesedwe ngati ingathe kunyamula Windows 11. Imene ingathe, tiigulire laisensi yeniyeni pamodzi ndi Word ndi Excel, ndipo makina amenewa tiwasungire makamaka a Fomu 3 ndi Fomu 4 amene akukonzekera mayeso ndi ntchito. Imene singathe tisaitaye ndiponso tisaisiye ndi Windows yotha nthawi. Tiikemo Linux Mint kuti a Fomu 1 ndi Fomu 2 aphunzirirepo kutaipa, kusunga mafayilo ndi kuwerengetsera. Kiyibodi ndi yomweyo, Ctrl ndi C imakopera konsekonse, Ctrl ndi V imamata konsekonse. Mwana amene wagwira akapitawo awiri amazindikira msanga kuti foda ndi foda kulikonse, ndipo wachitatu sadzamuopa.

Chachitatu, tiyese tisadasankhe. Linux imatha kuyatsidwa kuchokera pa fulashi popanda kufufuta chilichonse m'makina. Tipatse ana angapo amene sadagwirepo kompyuta ntchito imodzi, monga kulemba kalata, kuisunga, kuzimitsa makina ndi kudzaipezanso mawa lake, ena pa Windows ena pa Linux Mint. Aphunzitsi aone pamene akukakamira. Zimene tione m'sabata imodzi zitiuza zoona kuposa mikangano yathu ya chaka chathunthu.

Chachinayi, tisathere ndalama zonse pa zitsulo. Tipatule gawo lophunzitsira aphunzitsi awiri, osati mmodzi, pakuti mphunzitsi amasamutsidwa. Tisankhenso ana angapo m'kalasi iliyonse kuti akhale osamalira chipindacho monga tinkakhalira ndi osamalira laibulale. Ndipo ife amene timagwira ntchito za makompyuta tilembetse maina kwa a Mlembi, kuti mphunzitsi akakakamira adziwe woimbira foni.

Chachisanu, tikumbukire magetsi ndi intaneti. Tigule zotetezera makina magetsi akazima mwadzidzidzi, ndipo tiikemo zowerenga zosadalira intaneti. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Kiwix imene imasunga Wikipedia m'makina momwemo, ndipo imayenda pa Windows ndi pa Linux pomwe.

Anzanga, m'zaka za ntchito ya munthu mmodzi taona DOS ikupita, WordPerfect ikuzimirira m'maofesi, Windows XP ya 2001 ikusiyidwa mu 2014, Windows 7 mu 2020, ndi Windows 10 mu 2025. Mwana amene alowe Fomu 1 chaka chamawa adzagwira ntchito ndi makina amene ife sitingawaganizire. Tikam'phunzitsa pamene pali batani pokha, batanilo likadzasuntha adzasowa chochita. Tikam'phunzitsa chimene fayilo ili, kumene imasungidwa, chifukwa chake makina amafuna zigamba, ndi mmene angadzipezere yankho payekha, adzayenda ndi nzeruzo kulikonse. M'mera mpoyamba, ndipo sukulu ino ndiyo idatiumba ifenso pamene tidali anthete.

Ndikupempha kuti amene mudalonjeza makina mupereke kwa a Mlembi dzina la makinawo ndi chaka chimene adagulidwa mwezi uno usadathe, kuti ntchito yoyesa iyambe tchuthi chisadafike.